Chitseko cha Kadzira

Loweruka, 6 Epulo 2019

Tagula. Kadzira kali m'galaja, ine mutu waima.

Kalavani ya bambo ndi amayi, kanyumba kokoka ndi galimoto, ija ya mu 1971. Dzinalo anaipatsa ndi amayi poti ndi yozungulira ngati dzira. Zaka makumi anayi ndisakuiona. Ndinkayesa inaphwasulidwa kalekale, ndipo kunena zoona ndi mmene ndinkafunira. Waifukula ndi mkazi wanga Liesbeth, pa intaneti, Lachitatu lapitali. Iye sanaionepo chibadwire. Anaizindikirira chithunzi cha mkati mwa chitseko, momwe muli masitika asanu ndi atatu a malo ogonako anthu a makalavani. Garda ku Italy, Tirol, Bled, malo onse a kunja kwa dziko lino aja ndakhala ndikumusimbira. Ndinangomva mfuu kuchokera kukhitchini: "Roelof, bwera udzaone ubwana wako!" Ndinapita.

Ndilembe kamodzi, poti kabuku kano sikawerengedwa ndi munthu. Ku Garda sindinafikeko. Ku Tirol ayi. Ku Bled ayi. Chaka chilichonse, tchuthi cha amisiri omanga nyumba chikafika, bambo ankatidzutsa folo koloko m'mawa monga amachitira onse opita kutali. Kadzira kumbuyo kwa galimoto, thumba la mbatatesi pansi pa mpando, aneba akutibayibitsa atavala zogonera. Tinkalowera msewu wa kummwera mpaka nyumba za kwathu ku Assen zitabisika, kenako bambo n'kukhota. Makilomita khumi ndi anayi basi. Ku Gasteren, kuseri kwa nkhalango, pabusa la ng'ombe la a Oosting. Masabata atatu. Pobwerera, sitika yatsopano pachitseko, ine khungu litapsa ndi dzuwa, ndikudziwa kunena zikomo m'Chitaliyana.

Ndiye wogulitsa ndani? Jantien Oosting, mwana wa mwini busa lija, amene ndinkasaka naye achule m'ngalande. Bambo atayamba kudwala mu 1979 anagulitsa Kadzira kwa a Oosting omwewo, ndipo kakhala m'shedi mwawo nthawi yonseyi, kuseri kwa mathalakitala, nkhuku zikuikira pansi pake.

Jantien wationa tikutsika galimoto. Imvi mbuu, nsapato za jombo, maso omwe aja. Liesbeth pakamwa pali kale patsogolo: mwamuna wanga anakulira m'menemu, anafika nayo mpaka ku Italy. Jantien wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako: "Eti? Kutalitu kumeneko." Basi. Sananene kuti amandidziwa. Ine kalikiliki kusaka zilema, kugogoda makoma, kununkhiza m'makabati, kuti mwina Liesbeth agwe ulesi. Agwe ulesi ndani. Mtengo sitinanenerere n'komwe.

Potsanzikana, Liesbeth atalowa kale m'galimoto, Jantien wandinong'oneza: "Ukawapatse moni amayi, Roelie wa ku Italy." Dzina langa la paubwana limenelo. Makutu anga moto mpaka kwathu ku Zwolle. Kadzira katitsatira madzulo pamwamba pa lole, poti matayala ake sangapondenso msewu.

Lamlungu, 7 Epulo

Liesbeth m'mawa wonse m'Kadzira ndi ndowa ndi sopo, akuimba. Fungo lomwe lija: nkhungu, gasi, bulangete lonyowa. Timakatani ta mizere yachikasu tomwe amayi anasoka tikadalipo, njenjete zadya m'mphepete mokha.

Bodza kwa Liesbeth ndinaliyamba mu 1986, patebulo la bambo ake. Dokotala wa mano, nyumba yaikulu ku Haren, mafoloko atatu pambali pa mbale imodzi. Anafunsa kuti kwanu tchuthi munkapita kuti. Pakamwa panayankha pokha, monga pankachitira kusukulu. Iwo ku Garda ankapitadi, kuhotela. Anandifunsa za msewu wokwera mapiri, ndinayankha bwino kuposa iwo, poti amayi ankandilowezetsa timabuku ta alendo ngati katekisimu. Anandithiriranso vinyo. Kuyambira pamenepo pobwerera panalibe.

Zaka makumi atatu ndi zitatu. Liesbeth akatchula za ku Italy, ine: ndinakuona kale, masiku ano kwadzaza alendo, tiye ku Denmark. Ku Denmark tapita kasanu ndi kawiri. Munthu wamkulu, wa zaka 57, wa magalasi awiri, owerengera ndi oyendera. Ndikuchita manyazi ngakhale ndi pepalali.

Lachitatu, 10 Epulo

Kwabwera Tjeerd wa ku Hattem, mmisiri wa makalavani akale, yemwe anatibweretsera Kadzira pa lole uja. Wamtali, wosalankhula, m'thumba mwa ovolosi maswiti akuda amchere. Amakupatsa imodzi osakuyang'ana. Ndi anthu sacheza, amacheza ndi makalavani, ndipo iliyonse amaitcha mayi.

Wazungulira ndi sikuludalaivala akubaya m'makona. Kutsogolo kumanzere thabwa lonse lawola, likufumbutuka ngati buledi wonyowa. Pansi pakhomo chimodzimodzi. Malabala a m'mawindo ouma, osweka. Pampu ya madzi yafa. "Mayi uyu walira kwambiri pakona apa," watero, akusisita khoma. Tagwirizana: iye zitsulo za pansi ndi matabwa owola, ife za mkati.

Atafika pachitseko waima, wasiya kutafuna. "Ichi musachikhudze, bwana. Matabwa ndigula, mawindo ndisaka, koma izi sizigulitsidwa paliponse." Liesbeth kumwetulira mpaka m'makutu. Wamusimbira ija ya bambo atagwera m'nyanja ya Garda pothamangitsa mpira, atavala buluku la kutchalitchi. Amaisimba bwino kuposa ine tsopano. Ndakalowa m'nyumba kukafufuza chingwe cha magetsi chomwe sindimachifuna.

Loweruka, 13 Epulo

Tachotsa makushoni ndi mipando. Zala mabala okhaokha. Zomwe tapeza pansi: kampeni kosendera mbatatesi, khadi imodzi ya njuga, zopanira zovala zitatu, ndi kambendera ka pepala ka dziko la Italy pa kaphini ka dzimbiri. Ndakabisa m'thumba Liesbeth asanakaone, sindikudziwa chifukwa chake.

Kambenderako ndikukadziwa. Aphunzitsi athu a Dekens anali ndi mapu aakulu a ku Ulaya pakhoma. Tsiku lotsegulira sukulu aliyense ankapita kutsogolo kukabaya kambendera pomwe anakachitira tchuthi, n'kufotokoza. Ndimakumbukira ndikunyanyamphira... ayi, ndikuwerama, poti Italy ali m'munsi. Kalasi yonse zii, kundimvetsera.

Lero mkwiyo wandibwerera, uja wakale. Bambo ndi amayi ndi kunyada kwawo! Kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi bodza, kuti aneba asadziwe kuti wonyamula njerwa alibe ya mafuta ofikira kunja. Amayi kundigoneka padzuwa pabusa, kunditembenuza ngati chikondamoyo kuti ndipse mbali zonse. Iwo anasenza bodza lawo masabata atatu pachaka. Ine ndalisenza moyo wonse.

Madzulo Liesbeth waulula zomwe wakonza. Julaye, Kadzira kakatha, titsatire masitika aja imodzi chaka chilichonse, kuyambira ku Garda. Ndipo titenge amayi. Asauzidwe kanthu mpaka pa 12 Meyi, tsiku la anakubala, tidzawadzidzimutse. Ndati chiuno chawo, zaka 82, kutentha. Iye: "Iwe, amayi ako akhoza kukukwirira iweyo." N'zoonanso.

Ine ndi amayi nkhani imeneyi sitinaikambepo chichokere 1979. Bambo anapita nayo kumanda. Liesbeth akaiyambitsa pamaso pawo, amayi amangoti ee, kunkatentha, n'kunyamuka kukaphika khofi.

Lachitatu, 17 Epulo

Tjeerd wandiitana pansi pa Kadzira. Mwayi Liesbeth anali kuntchito. Ndagona chagada pa katoni pambali pake, iye akuunika ndi tochi, maso akuwala ngati wapeza ndalama.

Matayala ndi omwe anabwera nako kuchokera kufakitale. Ong'alukang'aluka ndi ukalamba, koma mizere yake ikadali yakuya, chala chimalowa. Mabuleki osadyeka. Kutsogolo, komwe timiyala ta mumsewu timalasa, kulibe ndi kachipsera komwe. Chokolekera ku galimoto chikadali ndi penti yake. Akuti zaka makumi atatu ali pantchitoyi sanaonepo zotere, a gulu la makalavani akale akamva adzabwera kudzagwada. Kenako: "Mayi uyu phiri sanalionepo, bwana. Masitika aja wina anangomata."

Ndati mwina bambo ankasintha matayala. Ndati ankayendetsa pang'onopang'ono kwambiri. Ndati misewu ya nthawi imeneyo. Tjeerd kungotafuna switi yake. Ndiye ndamva pakamwa panga pakupempha kuti asamuuze mkazi wanga. Chagada, pansi pa kalavani, kupempha munthu yemwe ndamudziwa masiku khumi.

"Ine ndimakonza makalavani," watero, n'kuzimitsa tochi.

Lachinayi, 18 Epulo

Ndimuuze. Ndayamba kawiri pa chakudya cha m'mawa. Kawiri konse ndathera pa nkhani ya malabala a m'mawindo.

Loweruka, 27 Epulo

Tsiku la Mfumu, tchuthi cha dziko lonse. Tauni yonse yavala zofiirira, zinthu zakale zogulitsa zayalidwa m'misewu. Liesbeth wanyamuka molawirira kukasaka makapu a m'ma 1970 oti agwirizane ndi makatani. Ine ndati mutu.

Ndilembe mmene zinalili m'mutu mwangamo, kuti ndidzaone kupusa kwake. Ndinati: popanda masitika palibe ulendo wotsatira, palibe choti amayi afunsidwe, palibe choti a gulu la Tjeerd adzayerekeze ndi matayala. Maganizo a munthu wa magalasi awiri amenewo.

Choumitsira tsitsi cha Liesbeth, chopalira penti. Ukatenthetsa, guluu amafewa. Ya ku Tirol yachoka yonse ngati khungu la pa mkaka. Ya ku Bled yang'ambika katatu. Ya ku Garda yomaliza, yakale kuposa zonse, yabuluu, ya kangalawa koyera. Imeneyo yakana. Ndaipala tizidutswatizidutswa mpaka thabwa ndalikanda. Mphindi makumi anayi zonse pamodzi. Panja ana akuliza malipenga.

Ndasesa, ndathira m'bini, pamwamba ndakwirira ndi makoko a mazira ndi nseche za khofi. Pobwerera kukayang'ana, pachitseko patsala mabala asanu ndi atatu oyera mbee, poti thabwa linada ponseponse kupatula pomwe panali masitika. Lozungulira, la makona atatu, la ngati chishango. Akuoneka kuposa masitika enieniwo.

Liesbeth wabwera ndi chipewa chofiirira kumutu, makapu asanu ndi limodzi m'nyuzipepala. Waima pakhomo la Kadzira. Ndati chinyontho chinalowa kuseri, Tjeerd sanaone bwino. Wagwira thabwa ndi chikhatho. Louma gwa. "Bwanji osandidikira?" Zokhazo. Makapu wawasiya pansi pomwepo osawamasula.

Lachiwiri, 30 Epulo

Lole ya zinyalala yadutsa seveni koloko. Ndinaima pawindo ndi kapu m'manja, ndikuona bini ikukwera, ikupendeka, ikutsika yopanda kanthu. Masiku atatu ndinali ndi mpata wokatola zidutswa za masitika zija. Sindinapite.

Ndiye masana ndapeza kope la Liesbeth patebulo. Mayina onse asanu ndi atatu, mwa ndondomeko yake, ndi makilomita omwe. Anakopera tsiku loyamba lomwe. Chithunzi cha pa intaneti chijanso ali nacho m'foni. Ndapalira chiyani tsono?

Tjeerd wabwera ndi matabwa atsopano. Waona chitseko. Wagwira ntchito maola anayi, ndipo switi sanandipatse.

Lamlungu, 12 Meyi

Masabata awiri osalemba. Tinkagwira ntchito ngati anthu olembedwa ganyu ndi mabwana osiyana. Pansi patsopano, pampu, penti yoyera ndi mzere wobiriwira. Kunja kakongola, ndisaname.

Ndinakawatenga amayi ku Assen teni koloko. Diresi la maluwa, ndodo, tsitsi lokonzedwa dzulo. Khofi ndi keke ya maapozi pabalaza, kenako Liesbeth anawatseka m'maso ndi manja mpaka m'galaja. Atatsegula anakuwa ngati mtsikana. Anakwera okha, ndodo atandiponyera. Anagwira makatani, anatsegula kabati ya mapoto osayang'ana pomwe pali chogwirira, anakhala pamalo pawo pafupi ndi mbaula. Anati bambo ako ankagunda mutu apa m'mawa uliwonse. Tinaseka tonse atatu. Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

Kenako anakoka chitseko kuti atseke.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chala chikuyenda pa bala lililonse. Chinaima pa lozungulira, pomwe ndinakanda. "Ya ku Garda ili kuti? Makalata atatu ndinalemba asanandiyankhe."

Liesbeth anafunsa kuti makalata anji. Ine ndinati ndani akufuna khofi wina. Amayi: "Khala pansi, Roelie. Ndatopa n'kuphika khofi nthawi iliyonse nkhaniyi ikabwera."

Anafotokoza zonse, osandiyang'ana. Januwale aliyense ankapita kulaibulale, kubwereka buku lomasulira mawu, kulemba kalata liwu ndi liwu m'chilankhulo chomwe sankachimva, kupempha sitika ndi timabuku ta malowo. Ena sankayankha, ankalembanso. Ankadikirira wa makalata pageti kuti sitampu yachilendo isaonedwe. Ya ku Bled inabwera ndi duwa louma ndi kalata yomwe mpaka lero sadziwa kuti inkati chiyani. Sitika ankaibisa m'buku la nyimbo za kutchalitchi, n'kudzaimata tsiku lomaliza ku Gasteren, bambo atagwira chitseko kuti isapendeke. Ankasimba monyadira, ngati munthu wofotokoza za juzi lovuta lomwe analuka.

Liesbeth nkhope yoyera ngati pepala. Ine, poti manyazi akandikwana ndimaluma, ndinati: zonsezi kuti a Bakker a pafupi aja asakusekeni. Amayi ananditembenukira. "A Bakker? Anakumana ndi bambo ako akugula buledi ku Gasteren chaka choyamba chomwe. Msewu wonse unkadziwa, mwanawe. Ankadzuka folo koloko kudzakubayibitsa iweyo."

Akuti Ogasiti wa mu 1970 ndinabwera kuchokera kusukulu n'kulowa pansi pa tebulo. Masiku awiri osadya. A Dekens anali atabaya kambendera kanga pa Assen penipeni, poti sindinapite kulikonse, ndipo anzanga anayamba kunditcha Roelie Pakhomo. Ndinati kusukulu sindipitanso, ngakhale andimenye. Bambo anagwira maganyu Loweruka lililonse mpaka dzinja kutha, n'kugula kalavani yaing'ono kuposa zonse m'sitolo. Mphamvu zawo zinathera pomwepo, za mafuta panalibe. Za masitika anaganiza ndi amayi. Bambo ankadana nazo, munthu amene sankabera ngakhale pa makadi, koma zaka zisanu ndi zitatu ankalowera msewu wa kummwera osadandaula.

Za pansi pa tebulo sindikuzikumbukira. Ndayesetsa. Ndimangokumbukira ndikubaya kambendera pa Italy.

Zaka zonsezi ndawaimba mlandu. Pamaliro a bambo ndinaima ndi mkwiyo umenewu m'chifuwa. Ndipo chinthu chimodzi chomwe amayi anandipangira ndi dikishonale, ndachipala ndi chopalira penti n'kuchikwirira ndi makoko a mazira.

Anandifunsa kuti unachotseranji. Mawu ofatsa. Anawabweza ku Assen ndi Liesbeth, ine ndinatsala ndikutsuka makapu.

Lachiwiri, 14 Meyi

M'nyumba zii. Liesbeth akamandilankhula akunditchula dzina la makolo, "inu a Huizing", ngati wa kubanki. Chakudya akuphika cha awiri, akudya ataimirira.

Lero m'mawa, akumanga nsapato, osadzutsa mutu: "Kuti kwanu kunalibe ndalama ndinaona tsiku loyamba, ndinaona jekete yanu. Bambo anga anamwalira mu 2001. Kuchokera pamenepo munkaopa ndani? Ine?" Wakwera njinga, wapita.

Ndakhala nalo funsolo tsiku lonse kuofesi. Yankho ndi ee, ndipo ndi lomwe limupweteke kwambiri.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndamuuza kuti ee, ndinkaopa iyeyo. Wagwedeza mutu. Kambendera kaja ndakaika patebulo pafupi ndi mbale yake, ndipo sanakataye.

Loweruka, 18 Meyi

Liesbeth wati ndivale jombo. Wayendetsa yekha, ola lathunthu osatsegula wailesi. Ku Gasteren.

Jantien watsegula geti ngati amatiyembekezera. "Ha, alendo ochokera ku Italy. Pasipoti muli nayo?" Ndati Jantien, usatero. Wati watero kale.

Busa lija lachepa, kapena ndakula ndine. Ng'ombe zakuda ndi zoyera, mitengo yomwe ija. Liesbeth waima pakati, manja m'thumba: "Nyanja ya Garda ili kuti?" Ndaloza ngalande. Mamita awiri m'lifupi, ndere zobiriwira pamwamba. Mmenemo ndi momwe bambo anagwera ndi buluku la kutchalitchi pothamangitsa mpira. Zinachitikadi, ndi achule omwe anaona. Phiri lomwe ndinkati ndinakwera ndekha n'kusochera? Mulu wa udzu wa ng'ombe kuseri kwa khola. Mayi wonenepa wa ayisikilimu yemwe ankanditsina masaya? "Amayi anga amenewo," watero Jantien, "ndipo linali phala la chambiko."

Liesbeth waseka mpaka kukhala pansi paudzu wonyowa. Kenako kuseka kwatha kokha. Wayang'ana ngalande ija. "Izi ndikanazikonda, chitsiru iwe. Unandimana."

Ndamusimbira zina zomwe ndinalibe pozisamutsira ku Italy, ndiye sanazimvepo. Bambo akundiphunzitsa kukama. Amayi akutiyesa mawu a Chitaliyana pa nthawi ya chakudya, wolakwa atsuke mbale, ndipo wolakwa nthawi zonse anali bambo. Mvula ya masiku asanu ndi anayi mu 1974, amayi akuda nkhawa kuti ndibwerera woyera ngati tchizi. Wamvetsera zonse. Sanandikhululukire, ndikudziwa nkhope yake. Koma pobwerera wandiponyera makiyi, ndipo wanditcha iwe.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndamuuza Tjeerd kuti munanena zoona, ndipo achotse matayala. Wadandaula ngati ndamuuza adule mwendo wa amayi ake. Zaka 48, osadyeka, a gulu lija anali atakonza kale zobwera. Ndati mayi uyu akuyenera kukaona phiri. Wapisa m'thumba, wandipatsa switi. Atsopano afika Lachisanu, mabuleki sabata yamawa. Akalewo akawapachika pakhoma kwake.

Chitseko sitichipenta. Liesbeth wati mabala akhale momwemo, ndizionako m'mawa uliwonse.

Vuto lina: kalavani sindinakokepo chibadwire. Ndalembetsa maphunziro a Loweruka awiri, makamaka kubwerera m'mbuyo. Anthu a m'malo ogona aja amati mlendo akamabwerera m'mbuyo amatulutsa mipando kudzaonerera. Aonerere.

Amayi ndakhala ndikuwazemba chichokere tsiku lija. Lero aimba okha, faifi koloko, ndikusenda anyezi. Za chitseko sanatchule. Ndayamba kupepesa, andidula: adokotala avomera, bola tiziima maola awiri alionse. Akufuna akaone ngati nyanjayo ilikodi yabuluu choncho kapena anangopaka. Sitika akagula okha, pamanja, popanda kalata, ndipo akamata okha, ine ndikangogwira chitseko. Tinyamuke folo koloko, apo ayi iwo sakwera.

Kenako: "Nanga mbatatesi, Roelie? Ku Italy munthu amatenga makilo angati?"

Ndati sindikudziwa, amayi. Sindinafikeko.

Liesbeth waima pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja.

"Inenso," atero amayi. "Tenga makumi awiri."